MENDULO ZA AGOGO ATHU: KUZIZINDIKIRA NDI KUDZIWA MTENGO WAKE

  

Pa Kulamba timadza kuno ku Mkaika kudzapereka ulemu ndi kudzanena za umoyo wa m'midzi yathu. Ife lero tadza ndi nkhani ya tinthu tating'ono timene tiri m'nyumba zina za kuno kum'mawa, tomangidwa m'kansanza pansi pa bokosi, kapena tosungidwa m'citini pamodzi ndi singano ndi mabatani. Tikunena mendulo za nkhondo zimene anasiya agogo ndi atsibweni athu. Eni ake ambiri anatsogola kale, ndipo adzukulu amene azisunga sadziwa cimene zinena. Tsono akafika munthu wogula zinthu zakale, ndalama ziri m'manja, mdzukulu angathe kupereka mbiri ya banja lonse pamtengo wa nkhuku.

Tiyambe ndi kumene mendulozi zinacokera. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, amuna a dziko lino anamenyana ndi Ajeremani kumalire a kumpoto, ndipo ena ambirimbiri anatengedwa kukasenza katundu pa nchito ya tengatenga. Nkhondoyo inathera m'dziko lathu lino. Mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anamva za kutha kwake ali pa mtsinje wa Chambeshi, ndipo anakatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918. Mu 1933 munakhazikitsidwa gulu la Northern Rhodesia Regiment, pamene abale athu a ku Nyasaland anali kulowa King's African Rifles, imene anali kuicha Keyala. Pa nkhondo yaciwiri, ya 1939 mpaka 1945, magulu awiriwa anamenyana ndi Mataliyana pa Tug Argan ku Somaliland mu Ogasiti 1940, ndipo mu 1944 anali m'cigwa ca Kabaw ku Burma, dziko limene lero lichedwa Myanmar, kulimbana ndi Ajapani, mvula ndi malungo. Ndico cifukwa cake misasa ya asilikali athu iri ndi maina acilendo: Tug Argan ku Ndola, Arakan ku Lusaka, Chindwin ku Kabwe, ndi Gondar ku Chipata kwathu kuno, dzina la mzinda wa ku Ethiopia umene Mataliyana anagonjera mu Novembala 1941.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mendulo nayo ifuna munthu wodekha. Poyamba penyani nkhope ya mfumu. Ngati iri ndi ndevu, ameneyo ndi George V, ndipo mwina mwagwira British War Medal ya nkhondo yoyamba. Iyi ndi yasiliva, kumbuyo kwake kuli munthu wokwera pa kavalo ndi zaka 1914 ndi 1918. Kawirikawiri imayenda ndi inzake yamkuwa, Victory Medal, imene iri ndi mkazi wa mapiko ndi kansalu ka mitundu ya utawaleza. Ngati mfumuyo iribe ndevu, ndi George VI wa nkhondo yaciwiri. Mukaona kumbuyo mkango utaponda cinjoka ca mitu iwiri, imeneyo ndi War Medal 1939-1945, imene anali kupatsa msilikali amene anatumikira masiku 28 kapena kuposa.

Palinso nyenyezi za nsonga zisanu ndi imodzi, zooneka ngati mkuwa, zimene zinena dziko limene munthu anakamenyako. Dzina la nyenyezi linalembedwa mozungulira pakati pake, koma kansalu nakonso kamalankhula. Africa Star ndi ya iwo amene anatumikira kumaiko monga Ethiopia, Somaliland ndi Egypt pakati pa 10 Juni 1940 ndi 12 Meyi 1943. Kansalu kake ndi ka mtundu wa mcenga, kofiira pakati, ndi timizere tiwiri ta buluu. Burma Star ndi ya kuyambira pa 11 Disembala 1941 kufika pa 2 Seputembala 1945. Kansalu kake ndi kofiira pakati, buluu wakuda m'mbali, ndi mizere ya mtundu wa lalanje.

Mukatha kupenya nkhope, tembenuzani mendulo muone m'mphepete mwake. Pa mendulo za nkhondo yoyamba anali kudindapo nambala ya msilikali, udindo wake, dzina lake ndi gulu lake. Za nkhondo yaciwiri zambiri zinaperekedwa zopanda dzina, kotero kuti cimene cingatsimikize mwini wake ndi kabuku kotulukira usilikali, cithunzi kapena kalata. Mukawerenga mau akuti "For Bravery in the Field" kapena "For Distinguished Conduct in the Field", dziwani kuti mwagwira mendulo ya kulimba mtima. Zotere zinaperekedwa kwa anthu owerengeka, ndipo dzina la mwini wake limakhalapo.

Tsopano za mtengo, pakuti tidziwa kuti ambiri ndi pamene mwachera khutu. Tinene zoona: mendulo zambiri sizingalemeretse munthu. British War Medal yasiliva anapanga zoposa 6 miliyoni, ndipo nyenyezi za nkhondo yaciwiri nazo ndi zocuruka. Mphekesera zakuti mendulo iriyonse ndi golide musazimvere. Akatswiri a malonda awa, monga a Spink ndi a Noonans ku London, amayang'ana zinthu zinai: kusowa kwa mendulo, dzina ndi gulu zolembedwapo, mbiri ya mwini wake yotsimikizika ndi mapepala, ndiponso ngati mendulo zonse za munthu mmodzi zikali pamodzi. Nyenyezi imodzi yopanda dzina ndi yochipa. Mendulo ya kulimba mtima ya msilikali wodziwika, pamodzi ndi zinzake ndi kabuku kake, ndi cinthu cina ndithu. Zilipo ndi zonamizira: zilembo zake zimakhala zosaoneka bwino, ndipo pamene dzina linapalidwa ndi kulembedwa lina mphepete imaoneka yopyapyala.

Cifukwa cake tikupemphani izi. Musatsuke mendulo ndi phulusa, mcenga kapena Brasso, pakuti kuwala kumene mufuna kumadya zilembo ndi kutsitsa mtengo. Musataye kansalu kakale ngakhale katasuluka. Pogawa cuma ca masiye musamwaze mendulo, iyi kwa mwana, iyo kwa mphwa. Zisungidwe ndi munthu mmodzi amene mbumba yamusankha, ndipo nkhoswe zidziwe. Amene afuna kudziwa zambiri akafunse ku National Archives of Zambia ku Lusaka kapena ku Livingstone Museum, ndipo cinthu cakale cisanatuluke m'dziko, ayambe wafunsa a National Heritage Conservation Commission.

Pali cifukwa cina cacikulu kuposa ndalama. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, losamala manda a asilikali, linavomera kuti anthu osacepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba, makamaka a kuno ku Africa, sanalembedwe maina pa manda kapena pa zipilala monga anacitira ndi Azungu. Atengatenga ambiri anagona m'njira, ndipo palibe adziwa pamene anaikidwa. Tsono ngati m'nyumba mwanu muli mendulo ya dzina, mwina ndi malo okhawo padziko pamene dzina la kholo lanu linalembedwa. Mukaigulitsa, ndalama idzatha pa sabata imodzi, koma dzinalo lidzapita kutsidya la nyanja kwa anthu osadziwa pfuko lake kapena mudzi wake.

Tipempha mafumu athu kuti pobwerera kwanu muuze anyakwawa alembe m'buku maina a onse amene anapita kunkhondo: mudzi, pfuko, nambala, gulu ndi mendulo zimene zilipo. Ana a sukulu akhale pansi ndi agogo akazi amene akali kukumbukira tsiku limene amuna awo kapena alongo awo anabwerera, alembe zimene amva nthawi ikalipo. Bukulo likadzafika kuno ku Mkaika, nalo lidzakhala mtulo woyenera kwa Kalonga.

 Yooo Gawa!