Maluŵa a Chilimwe, Akalambulabwalo a Mvula

Mwezi wa Ogasiti ukamatha, chisanu chimayamba kuthaŵa ndipo dzuŵa limayamba kuswa mtengo. Udzu wauma, mitsinje yaphwa, ndipo ponseponse pali fumbi ndi lupsa. Komabe nyengo yomweyi ndiyo mitengo yambiri ya m'Malaŵi imachita maluŵa, mvula isanagwe ngakhale dontho limodzi. Nkhani ya lero iri yothandiza omvera kuzindikira maluŵa ameneŵa, a kutchire ndi a pakhomo omwe.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu wofuna kudziŵa duŵa asathamangire mtundu wake wokha, pakuti maluŵa ofiira ngambiri. Ayang'ane zinthu zinai: mwezi ndi malo amene duŵalo laphuka, maumbidwe ake, masamba a mtengowo, ndiponso khungwa kapena zipatso zake.

Choyamba kukopa maso ndi nkhalango za tsamba, mombo ndi mchenga, zimene zimafiira psuu m'mapiri mu Sepitembala. Ambiri amayesa kuti ndi maluŵa, pamene ali masamba anthete. Kufiirako kumateteza masambawo ku ukali wa dzuŵa, ndipo pakapita milungu yoŵerengeka amasanduka obiriŵira.

Duŵa lenileni lofiira la nyengoyi ndi la muŵale. Mtengowu umayamba wayoyola masamba onse, kenaka nsonga za nthambi zake zimayaka ngati makala a moto. Khungwa lake ndi lochindikala, la ming'alu yozama, nthambi ziri ndi minga, ndipo masamba akaphuka amakhala atatuatatu monga a nyemba. Njere zake ndi zofiira, za kadontho kakuda.

Mlombwa umadziŵika ndi maluŵa achikasu onunkhira bwino, amenenso amabwera masamba asanachuluke. Wokayika ayang'ane zipatso zakale zotsalira m'mwamba: ndi zobulungira, zaphanthiphanthi, ndipo pakati pake pali ubweya wolasa. Mtengowu ukatemedwa umatulutsa utomoni wofiira ngati magazi.

Ku chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja kuli mitengo iŵiri yochita maluŵa usiku. Mvunguti umalendeŵetsa maluŵa akuluakulu ofiira moderapo pa zingwe zazitali, ndipo mlambe, kuyambira mu Okutobala, umatsegula maluŵa oyera madzulo amene amafota tsiku lotsatira. Mileme ndiyo imanyamula ufa wa maluŵa ameneŵa kuchoka pa mtengo wina kupita pa unzake. Wodya malambe, tsono, ali ndi ngongole kwa mleme.

M'mizinda ya Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, miseu imavala mtundu wa chibakuwa mu Sepitembala ndi Okutobala chifukwa cha jakaranda. Mtengo umenewu kwao ndi ku South America. Ena amausokoneza ndi chimphakasa, chimene ndi chamkonomkono ndipo maluŵa ake ali a mtundu wofananako. Kusiyanitsa sikuvuta. Duŵa la jakaranda liri ngati lipenga laling'ono, ndipo masamba ake ndi timasamba tating'onoting'ono tambirimbiri. Duŵa la chimphakasa liri ngati la nyemba, ndipo masamba ake ndi akuluakulu, otuŵa. Jakaranda akamayoyoka, mpando amausiyira flamboyant, wochokera ku Madagascar, wa nthambi zotambasuka ngati ambulera ndi maluŵa ofiira, limodzi mwa magawo asanu a duŵalo liri la maŵanga oyera.

Pa mipanda ya nyumba ndi masukulu pamayanga bougainvillea, wochokeranso ku South America. Zofiira zimene anthu amazitcha maluŵa ndi masamba opyapyala ngati pepala. Duŵa lenileni ndi kakang'ono koyera kobisala pakati pake.

Pansi napo sipagona. Pakapita milungu iŵiri kapena itatu tchire litapsa, timaluŵa tachikasu, toyera ndi tofiira timatumphuka pa phulusa lakuda. Zomera zimenezi ziri ndi mizu yonenepa pansi pa nthaka, momwe zimasungira madzi ndi chakudya. Ndipo chizimalupsa chikagwa, pansi pa mitengo ndi pa zulu pamaoneka duŵa lofiira lobulungira ngati mpira, loima pa phesi limodzi masamba asanakule. Akatswiri a zomera amalitcha Scadoxus multiflorus. Mpirawo si duŵa limodzi ai, koma timaluŵa tambirimbiri tothithikana.

Apa makolo atchere khutu. Tsinde la duŵa limeneli, lofanana ndi anyezi, liri ndi ululu wakupha. Chomwechonso oleander, chitsamba cha masamba aatali osongoka ndi maluŵa oyera kapena ofiirira, chimene ambiri amabzala pakhomo: masamba, maluŵa ndi utomoni wake zonse ndi zoopsa kwa ana ndi ziŵeto, ndipo nthambi zake si zosonkhezera moto kapena kutungira nyama yootcha. Mwana aphunzitsidwe kuti duŵa losadziŵika ndi loona ndi maso, osati lolaŵa.

Kudziŵa maluŵa si ntchito ya alendo okha odzacheza ku Nyika, kumene kuli mitundu pafupifupi 200 ya maluŵa a orchid. Ku Zomba kuli munda wa zomera umene Alexander Whyte adauyamba m'chaka cha 1891, ndipo mu 1987 padakhazikitsidwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens losunga ndi kufufuza zomera za dziko lino. Koma nkhokwe yaikulu ya maina iri m'mitu ya agogo a m'midzi, ndipo dzina likapanda kuuzidwa kwa mdzukulu limaloŵa m'manda pamodzi ndi mwini wake.

Mitengo yomwe nayo ikunka nisoŵa. Mlombwa ukutha chifukwa cha matabwa, mombo ukuthera m'mauvuni a makala, ndipo moto wa mu Okutobala, udzu utaumitsitsa, umapha mitengo yanthete, maluŵa ndi njuchi. Popanda maluŵa palibe uchi, palibe mango, palibenso mbeu ya mitengo ya maŵa.

Chilimwe chino, aphunzitsi atuluke ndi ana panja, akaime pansi pa mtengo umodzi, afunse mkulu wa m'mudzimo dzina lake, alilembe m'kope pamodzi ndi tsiku limene waphuka. Chaka cha maŵa adzabwererenso pomwepo. Mwana wodziŵa dzina la mtengo amayamba waganiza asanaukweze nkhwangwa.