Mayi, Imwani Mankhwala, Koma Mukayezetsenso

Kaya muli pa Boma pompano, kaya ku Namitambo, ku Mbulumbuzi, ku Namadzi, kwezani wailesiyo pang'ono. Azibambo musachoke ayi, nkhaniyi ndi ya m'nyumba mwanu momwe.

Tiyambe ndi Hezekiya, pa 2 Mafumu 20. Mfumuyi idadwala mpaka kufika pakufa. Idalira kwa Mulungu, Mulungu adamva, namuwonjezera zaka 15. Koma taonani zimene mneneri Yesaya adachita pambuyo pake: adalamula kuti atenge nkhuyu aziike pa chithupsa cha mfumu. Lonjezo la machiritso linali litaperekedwa kale, koma nkhuyu zidaikidwabe. Nenani Ameni!

Ife a ku Chiradzulu zaka zowonjezerazo timazidziwa. Amene muli a msinkhu wanga mukukumbukira momwe maliro ankachulukira, mpaka abusa kusowa tsiku lopuma. Mu 2001 a bungwe la MSF adayamba kupereka ma ARV konkuno, boma lisanayambe kuwapereka ulere m'dziko lonse mu 2004. Amayi amene tinkati safika Khirisimasi, lero akunyamula zidzukulu. Aleluya! Koma pali mdani wina amene amalowa mwakachetechete, ndiye khansa ya khomo la chiberekero. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansayi imapha amayi kwambiri padziko lonse.

Mverani bwino pano. Khansayi imayamba ndi kachilombo kena, dzina lake HPV, kamene kamafala anthu akakhala malo amodzi. Ndi kofala kwambiri moti anthu ambiri amakatenga osadziwa, ndipo thupi lamphamvu limakachotsa lokha. Tsono HIV imafooketsa asilikali a m'thupi. Asilikali akafooka, HPV imakhazikika pa khomo la chiberekero ngati chiswe mu nsichi ya nyumba, kumadya m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. A bungwe loona za umoyo padziko lonse, WHO, amati mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chowirikiza kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake amene alibe. Kwa mayi wa chitetezo chabwino khansayi imatha kutenga zaka 15 mpaka 20 kuti ikule. Kwa amene chitetezo chatsika, zaka 5 mpaka 10 zokha.

Nanga ma ARV amachitapo chiyani? Mukayamba msanga, n'kumamwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa, HIV imachepa m'magazi, asilikali aja amadzukanso, ndipo thupi limalimbana bwino ndi HPV. Chiopsezo chimatsika. Koma ndamva amayi ena akunena kuti, "Abusa, ine ndili pa mankhwala, ndiye ndatetezeka." Ayi mayi anga. Ma ARV sapha HPV. Amachepetsa chiopsezo, sachithetsa. Ndiye zinthu zake ndi ziwiri: kumwa mankhwala, ndi kuyezetsa khomo la chiberekero.

Ndikuuzeni cholakwa changa, pakuti mbusa nayenso amalapa. Zaka zapitazo kudabwera mayi wina wa mpingo wathu, wokhulupirika pa mankhwala ake, woimba kwaya. Adandiuza mwamanyazi kuti akutaya magazi pomwe adasiya kale kusamba. Ndidamupempherera ndi mtima wonse, ndidasala naye kudya masiku atatu. Koma sindidamuuze kuti mawa m'mawa apite kuchipatala. Adapita patatha miyezi yambiri, madokotala n'kunena kuti zafika patali. Ndine amene ndidalalikira pa maliro ake. Pemphero lija silinali lolakwa. Ine ndidaiwala nkhuyu.

N'chifukwa chake ndikuti, munthu aliyense wodzitcha mneneri amene akukuuzani kuti tayani ma ARV mwachira, thawani. Mukasiya mankhwala mwatsegulira khomo adani awiri pa nthawi imodzi.

Kuyezetsako si chinthu choopsa. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo malo amene ayamba kusintha amaoneka oyera. Ndi mphindi zochepa chabe. Akapeza kuti zangoyamba kumene, nthawi zambiri amathana nazo tsiku lomwelo ndi kachipangizo kootcha malowo. Zikakhala zazikulu amakutumizani ku Gulupu, ku Blantyre. Funsani pa chipatala cha boma pano, kapena pomwe mumalandirira mankhwala, ndipo akakupatsani tsiku lobwereranso mulisunge. Musadikire ululu, poyamba sizipweteka. Koma mukaona magazi mutakhala malo amodzi ndi abambo, magazi pakati pa mwezi, kapena madzi onunkha kumaliseche, musagone nazo.

Azibambo, mwamva? Akauzidwa mayi kuti apume kaye masabata angapo atalandira chithandizo, musachite nkhwidzi. Mupatseni ndalama ya kabaza. Ndipo katemera wa HPV, amene boma lidayamba kubaya atsikana a zaka 9 mu 2019, saletsa kubereka monga amanenera ena pa chitsime. Mwana wanga wamkazi adabayitsa.

Tsekani maso tipemphere. Atate, ndikupereka kwa Inu mayi uja amene akumva mawuwa ali ndi mantha, amene wabisa vuto lake ngakhale kwa mwamuna wake. Mupatseni mphamvu yodzuka mawa, atenge buku lake la kuchipatala, akafike pamaso pa namwino. Dalitsani manja a anamwino a m'boma lino. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.