MZINDA UKAYANDIKANA NDI ASILIKALI: PHUNZIRO LA KU VIRGINIA BEACH



Ndaima pamaso panu kuti ndikambe za malo, makamaka za malo a mzinda amene ayandikana ndi bwalo la asilikali. Chitsanzo changa ndachitenga ku Amereka, mumzinda wa Virginia Beach, kumene kuli bwalo lalikulu la ndege za nkhondo lotchedwa Oceana.

Pamene bwaloli linkakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1940, malo olizungulira anali minda. Koma mzinda unakula, ndipo khonsolo inkapereka chilolezo chomanga nyumba ndi masitolo kufikira pafupi ndi pamene ndege zimanyamukira. Anthu anayamba kudandaula za phokoso. Asilikali nawonso anadandaula kuti sangathe kuphunzitsa bwino oyendetsa ndege pamwamba pa madenga a anthu.

Boma lalikulu la ku Washington linali litaona kale vuto lotere m'mizinda yambiri. Koma m'dziko limenelo mphamvu zogawa malo ndi zololeza kumanga zili m'manja mwa zigawo ndi makhonsolo, choncho Unduna wa Zachitetezo sungangolamula mzinda. Chimene unachita ndi kuika ndalama patebulo. Kuyambira m'chaka cha 1985, ofesi yake imene panthawiyo inkatchedwa Office of Economic Adjustment inayamba kupereka thandizo kwa mizinda kuti ikhale pansi ndi asilikali ndi kulemba pulani imodzi ya kagwiritsidwe ntchito ka malo. Mzinda umasonkhako gawo lochepa, ndipo Boma limalipira zotsalazo. Pamapu amajambulapo madera a phokoso ndi madera amene ndege ingagwe, kenaka nkugwirizana kuti apa pangakhale fakitale kapena munda, koma sukulu ndi nyumba zogonamo ai.

Virginia Beach ndi mizinda yoyandikana nayo inalemba pulani yotere m'chaka cha 2005, koma nyumba zambiri zinali zitamangidwa kale. M'chaka chomwecho komiti younika mabwalo a asilikali inachenjeza kuti ndege zidzasamutsidwira ku Cecil Field, m'chigawo cha Florida, ngati mzinda suletsa kumanga m'dera loopsa. Taganizani, Amai ndi Abambo, za anthu zikwizikwi amene ankadya chifukwa cha bwalo limenelo. Pofuna kupulumutsa ntchito zao, khonsolo inakhwimitsa malamulo, ndipo mzinda pamodzi ndi chigawo cha Virginia anayamba kupatula madola 15 miliyoni pachaka ogulira malo amene kale akanatha kungowasunga ndi cholembera. Ndege sizinasamuke, pakuti anthu a ku Jacksonville anakana mwa voti m'chaka cha 2006 kuti zibwere kwao.

Ngozi ija imene ankaiopa inachitikadi. Pa 6 Epulo, 2012, ndege ya F/A-18 itangonyamuka ku Oceana inagwera pa nyumba zogonamo za Mayfair Mews. Mwa mwai palibe amene anafa, koma mabanja ambiri anasowa pokhala.

Tsono phunziro lake nlotani kwa ife amene timagwira ntchito za anthu? Choyamba, ndalama zolembera pulani nzochepa poyerekeza ndi zogumulira kapena zoombolera malo. Akuluakulu anati madzi akataika saoleka. Chachiwiri, pulani imene ili m'kabati siteteza munthu. Iyenera kulowa m'malamulo a khonsolo ndi kutsatidwa popereka chilolezo chilichonse. Chachitatu, asilikali ndi anthu wamba ayenera kukambirana nyumba isanamangidwe, chifukwa onsewo ndi ana a dziko limodzi.

Choncho ndikupempha inu amene mumasaina mapepala a malo kuti musanasaine muziyamba mwatsegula mapu ndi kufunsa anansi a malowo, ngakhale wopemphayo akhale munthu wolemekezeka.