Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Msonkhano wa Amalonda Odutsa Malire ku Mchinji



Achikulire amene ali muno akukumbukira zaka za m'ma 1980. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, feteleza wathu ankachokera ku Durban, fodya ndi tiyi n'kumatulukira komweko, phindu n'kumathera pa mayendedwe. Dziko lopanda doko limapumira m'mphuno za anansi ake. Atsogoleri a mayiko 9 amene anakhazikitsa SADCC ku Lusaka mu 1980 ankazidziwa zimenezi. Bungwelo linasanduka SADC ku Windhoek mu 1992, ndipo COMESA inabwera mu 1994.

Choncho mapangano tili nawo, ndipo ndi osainidwa bwino. Funso langa lero n'lakuti: kodi mayi wonyamula matumba a mtedza kupita ku Chipata akuwamva kukoma?

Mu Disembala 2022 kunatsegulidwa chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami, chomangidwa ndi thandizo la African Development Bank, kuti munthu azionetsa zikalata malo amodzi m'malo mwa awiri. Palinso ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono: katundu wa mtengo wochepa, amene ali pa mndandanda womwe Malawi ndi Zambia anagwirizana, amadutsa osalipira msonkho wolowetsera katundu. Komatu ambiri a inu simunauonepo mndandandawo. Mumadzera njira zamadulira usiku, n'kulipira wakabaza, n'kulipiranso wokutsogolerani m'tchire, mwina katundu n'kulandidwa, pomwe masana mukanadutsa pachipata mutu uli m'mwamba. Vuto si lanu nokha. Mndandanda wolembedwa m'Chingerezi n'kutsekeredwa mu ofesi sungathandize munthu wa pa msika. Ulembedwe m'Chichewa, umatidwe pakhoma.

Kwa ogwira ntchito m'zipata ndi m'misewu, ndinene mosapsatira: ya fanta imene mumapempha ija ndi msonkho umene palibe pangano linaulemba, ndipo amaulipira ndi wogula mafuta ophikira kumudzi.

Abwenzi athu a zachitukuko tikuwathokoza. Tisaiwale kuti zambiri mwa ndalama zomangira misewu ndi zipata ndi ngongole, ndipo adzabweza ndi ana athu. Zidzabwezedwa pokhapokha tikamagulitsa kunja zinthu zokonza tokha. Soya wosakonza akamatuluka, mafuta a soya yemweyo n'kumalowa ali m'botolo, ntchito tapatsa ena.

Amayi ndi abambo, m'masiku a msonkhano uno musachite manyazi. Akuluakulu a zamsonkho ali pompano. Afunseni za katundu wanu mmodzimmodzi, ndipo musachoke musanayankhidwe.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti msonkhano uno watsegulidwa.