Mowa wa ku Germany Kapena wa ku Windhoek?

M'caka ca 1516 mafumu a ku Bavaria analamula kuti mowa uzifulidwa ndi zinthu zitatu zokha: madzi, barele ndi hops, maluŵa oŵaŵitsa mowa. Lamulolo linaoloka nyanja. Ku Windhoek, m'dziko la Namibia limene kale linali m'manja mwa Ajeremani, kampani yoyambidwa mu 1920 ifulabe potsata mwambo womwewo, ndipo cimera cake cicokera ku Ulaya.

Tsono wogula kumeneko apeza mabotolo aŵiri m'sitolo. La ku Germany layenda masabata m'sitima ya pamadzi, ndipo munthuyo alipira ulendo ndi msonkho womwe. Mowa wotere suli ngati vinyo ai. Kukhalitsa ndi kutentha kuusukulutsa. Kaŵirikaŵiri botolo la pafupi ndilo lifika pakamwa likali ndi fungo lake.