Zilembo Zonenepa ndi Chikwangwani cha Sukulu Yathu

(Mau omwe mmodzi wa ophunzira akale, yemwe ndi wosindikiza mabuku, adalankhula pa msonkhano wa pachaka)

Komiti yandipempha kuti ndinenepo za zilembo zoti tilembere chikwangwani chatsopano cha kumsewu chomwe tasonkhera ndalama.

Zilembo zambiri za m'mabuku zili ndi timapazi kumapeto kwa mizere yake. Azungu amatitcha serif. Kale osindikiza ankagwiritsa ntchito zilembo zam'mabuku zomwezo polengeza malonda. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 mzinda wa London udakula, ndipo eni zisudzo, eni ngolo za apaulendo ndi ogulitsa matikiti a mpikisano wamwayi ankalimbirana makoma. Aliyense ankafuna kuti chake chiwerengeke munthu ali patali.

Apa m'pomwe a Robert Thorne adatchukira ndi zilembo za mizere yonenepa kwambiri, koma timapazi take tidali toonda ngati tsitsi. M'chaka cha 1815 a Vincent Figgins adatulutsa zina zomwe timapazi take tidali tokhuthala ngati njerwa. Popeza zilembo zazikulu za mtovu zinkalemera ndiponso zinkavuta kuumba, a Darius Wells a ku New York adayamba kusema zamatabwa ndi makina, natulutsa buku lozionetsa mu 1828.

Mu 1845 a Robert Besley adatulutsa zilembo zotchedwa Clarendon nazilembetsa kuboma. Chitetezocho chidali cha zaka zitatu zokha, ndipo chitangotha anzawo adazikopera. Ntchito yake idali yotsindika mau owerengeka pakati pa zilembo wamba, monga momwe mumaonera m'dikishonale. Ku Chicago, mu 1922, a Oswald Cooper adatulutsa Cooper Black, zilembo zamapazi obulungira zomwe kampani ya ndege ya easyJet imalembera dzina lake.

Mwaona kuti onsewa adapangira zilembozi mau ochepa. Zilembo zonenepa zikachuluka pamalo amodzi, timipata toyera ta m'kati mwa a, e ndi o timatsekeka, ndipo woyenda pabasi amangoona mdima. Tsono malangizo anga ndi atatu.

Choyamba, zilembo zonenepa zikhale za dzina la sukulu lokha. Nambala ya bokosi ndi mau ena zilembedwe ndi zilembo zing'onozing'ono. Chachiwiri, tisankhe mtundu umodzi, pakuti atambala awiri salira m'khola limodzi. Ine ndikadasankha Clarendon, chifukwa timapazi take tokhuthala sitifufutika msanga utoto ukayamba kusuwa ndi dzuwa, pomwe toonda ta a Thorne timayamba kusowa. Chachitatu, wolemba chikwangwani asiye malo a kachizindikiro ka pamwamba pa ŵ m'dzina la Malaŵi, kasaphatikane ndi mzere wa pamwamba.

Asanagule utoto, wolembayo ayambe wajambula dzinalo papepala lalikulu. A komiti akaliimike pachipata, awoloke msewu, aliwerenge. Likavuta kuwerenga, akonze papepala pomwepo, chifukwa pepala n'lotsika mtengo kusiyana ndi lata, ndipo ndalamazi n'zathu tonse.