Kodi Digiri ya za Jenda Njotani?



Nkhani yathu ya lero yachokera kwathu komwe. Pamene maina a ophunzira osankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede adatuluka, dzina la mwana wa alongo anga lidali pomwepo, ndipo nthungululu idamveka mudzi wonse. Koma m'maŵa mwake, alamu anga atamva kuti mtsikanayo wasankhidwira maphunziro a jenda, nkhope yawo idagwa. Iwo ankayembekeza namwino kapena woŵerengera ndalama. Adandiitana ine monga malume wa mwanayo, nandifunsa kuti, "Alamu, inu mudapita kusukulu. Kodi ndigulitse ng'ombe zanga ziŵiri kuti mwana akaphunzire kukangana ndi amuna?" Ndidaŵapempha kuti andipatse masabata aŵiri ndisanayankhe, pakuti safunsa adadya phula. Zimene ndidapeza pofufuza ndizo ndifuna kukuuzani, popeza funso la alamu angali lili m'mitima ya makolo ambiri.

Tiyambe ndi mau enieniwo. Mau akuti jenda tidabwereka ku Chingerezi, ndipo m'midzi mwathu adafika opotoka. Mwamuna akasenza mtsuko wa madzi, anthu amaseka nati, "Ndi jenda imeneyo." Mkazi akakwera padenga kukafolera nyumba, atinso ndi jenda. Anthu a ukachenjede akamatchula mauŵa amatanthauza china. Kubereka ndi kuyamwitsa nzachilengedwe, ndipo palibe sukulu imene ingasinthe zimenezo. Koma kuti mtsikana ndiye azipita kumjigo m'maŵa pamene mlongo wake akuŵerenga, kuti ndalama za fodya zizilandiridwa ndi mmodzi pamene adalima ndi aŵiri, kuti pabwalo wina alankhule wina akhale chete, zimenezi adakonza ndi anthu. Zimasiyana malinga ndi dera, ndipo zimasintha malinga ndi nthaŵi. Ku chikamwini mwamuna amakakhala kwa mkazi, ku chitengwa mkazi amatsata mwamuna, ndipo ku Mpoto kuli malowolo. Maphunziro a jenda amafunsa kuti makonzedwe otereŵa adayamba bwanji, amapindulira yani, ndipo amapsinja yani.

Ndisanayambe ntchito ya pa wailesi ndidali mphunzitsi wa pulaimale. Ku koleji ya aphunzitsi adandiphunzitsa bwino kusunga kaundula wa ana. Mu Sitandade 1 atsikana ankadzaza kalasi mofanana ndi anyamata, koma pofika mu Sitandade 8 unkatha kuŵaŵerenga ndi zala. Chaka chilichonse ndinkalemba mzere pa maina ena, ndi mau amodzi pambali pake akuti "wasiya". Ndinkalemba mwaukhondo, ndipo woyendera sukulu ankandiyamikira. Koma sindidapiteko ngakhale kamodzi kukafunsa kumene ana ajaŵa adapita. Ndidaphunzira kulemba chiŵerengero, koma kufunsa chimene chili kuseri kwa chiŵerengerocho sindidaphunzire. Lero ndaona kuti kufunsa kumeneko ndiyo ntchito imene digiri ya jenda imaphunzitsa.

Maphunziroŵa ngaposachedwa tikayerekeza ndi a zamalamulo kapena a zaudokotala. Sukulu ya ukachenjede ya San Diego State, ku California m'dziko la America, ndiyo idayamba kuŵakhazikitsa monga gawo loima palokha m'chaka cha 1970, ndipo nthaŵi imeneyo ankatchedwa maphunziro a za amai. Aphunzitsi ndi ophunzira kumeneko adaona kuti m'mabuku a mbiri yakale, a zachuma ndi a zandale, amai ankatchulidwa mwa apo ndi apo, ngati kuti theka la anthu silidachitepo kanthu pa dziko lapansi. Pambuyo pake dzina lidakula nkukhala maphunziro a za amai ndi jenda, chifukwa adazindikira kuti sungamvetse moyo wa mkazi osayang'ana wa mwamuna. Bungwe la United Nations lidachititsa misonkhano ikuluikulu ya za amai ku Mexico City m'chaka cha 1975, ku Nairobi m'chaka cha 1985 ndi ku Beijing m'chaka cha 1995, ndipo maboma adayamba kufuna anthu odziŵa kufufuza nkhanizi. Muno mu Africa, sukulu ya Makerere ku Uganda idatsegula gawo lake m'chaka cha 1991. Kuno kwathu mwana angathe kutenga digiri ya jenda ku University of Malawi ku Zomba, kapena ya jenda ndi chitukuko ku LUANAR, ku Bunda.

Kuti mumvetse zimene ophunziraŵa amaŵerenga, ndikuuzani za mabuku aŵiri. Loyamba adalemba ndi mai Ester Boserup, katswiri wa zachuma wa ku Denmark, ndipo lidatuluka m'chaka cha 1970. Maiŵa adasonyeza kuti m'madera ambiri a mu Africa amai ndiwo ankagwira gawo lalikulu la ntchito yolima chakudya, koma maboma a atsamunda ankapereka ulangizi, mbeu zamakono ndi ngongole kwa amuna okha, poganiza kuti mlimi ndi mwamuna basi. Zotsatira zake zidali zakuti amene ankamva malangizo sindiye ankagwira khasu tsiku ndi tsiku, ndipo amene ankagwira khasu malangizo sankaŵamva. Mlangizi aliyense amene akundimvera aganize za msonkhano wake wapitawu: kodi adabwera ndani, ndipo nthaŵi imeneyo amai adali kuti?

Buku lachiŵiri likunena za ife tomwe. Agogo athu a ku Mwera amakumbukira njala ya 1949. Mai Megan Vaughan, katswiri wa mbiri yakale wa ku Britain, adafufuza za njala imeneyi m'boma la Blantyre, ndipo buku lawo lidatuluka m'chaka cha 1987. Adaŵerenga zikalata za boma la atsamunda, zimene zinkakamba za mvula, za misika ndi za kuchuluka kwa anthu. Atatero adakakhala pansi ndi amai achikulire, namvera nkhani zawo ndi nyimbo zimene ankaimba posinja pamtondo. M'nyimbozo adapeza mbiri imene m'zikalata mudalibe. Amai ankadandaula za amuna amene adachoka ati kukafuna chakudya, koma osabwereranso. Chimanga chitasoŵa, moŵa umene amai ankapezerapo ndalama sudathekenso kufulula. Ndipo ogaŵa chakudya a boma ankaganiza kuti mkazi wokwatiwa amadyetsedwa ndi mwamuna wake, motero amai ambiri osiyidwa, pamodzi ndi ana awo, adavutika kupeza thandizo.

Taonani, omvera, kuti njala idali imodzi, koma sidalume anthu onse mofanana. Akadapezeka pakati pa ogaŵa chakudya aja munthu mmodzi wophunzitsidwa kufunsa kuti, "Kodi m'nyumba muno akudyetsa ana ndani?" ana ena akadapulumuka. Chilala sichidathere mu 1949, ndipo madzi osefukira amatipezabe. Funso lomwelo liyenera kufunsidwa paliponse pamene akulemba maina a olandira chimanga, feteleza kapena mahema.

Tsono zaka zinai za digiri mwana amazitha bwanji? Kaŵirikaŵiri amayamba ndi maphunziro a chikhalidwe cha anthu, a zachuma, a zandale ndi a kaganizidwe ka munthu, pamodzi ndi anzake a magawo ena. Amaphunzira masamu a chiŵerengero, ndipo amene amaganiza kuti kumeneko athaŵa masamu adzakhumudwa. Amaphunzira kafukufuku: kukonza mafunso, kupempha chilolezo kwa mfumu ndi kwa munthu wofunsidwayo, kumvera osadula mau, ndi kusunga chinsinsi cha amene wakuuza zoŵaŵa za m'banja mwake. Amaphunziranso za umoyo, za ulimi, za malamulo, ndi za mavuto a amuna omwe, monga chifukwa chimene abambo ambiri amachedwera kupita ku chipatala mpaka matenda atakula. M'chaka chotsiriza amasankha funso limodzi, nalifufuza yekha, nalemba zimene wapeza kuti akatswiri aziyese. Mwana amene amangodziŵa kukuwa sangapambane mayeso ameneŵa, chifukwa amafuna umboni.

Pali dandaulo lina limene ndalimva kwa akuluakulu, lakuti maphunziroŵa ngachilendo ndipo adzaononga miyambo yathu. Dandauloli sindilipeputsa. Nzoona kuti mabuku oyamba adalembedwa ku America ndi ku Ulaya, ndipo ena mwa iwo ankalankhula ngati kuti akazi onse pa dziko amakhala mofanana. Koma amene adatsutsa zimenezi ndi akatswiri a jenda a mu Africa momwe muno. Mai Oyeronke Oyewumi a ku Nigeria, m'buku lawo la 1997, adati pakati pa Ayoruba akale ulemu unkatsata ukulu wa zaka koposa kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Ifenso chinenero chathu chili ndi zake. Mau akuti mlongo amatchula mwamuna ponena za mkazi, ndiponso mkazi ponena za mwamuna. Mau akuti iye sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Pakati pa Acheŵa mbumba ndiyo tsinde la mudzi, ndipo posankha mfumu amai aakulu a m'banja lachifumu ali ndi mau. Wophunzira wabwino amayamba wadziŵa zimenezi, kuti athe kusiyanitsa mwambo womanga mudzi ndi nkhanza yobisala m'dzina la mwambo.

Dziko lathu lakhazikitsa malamulo angapo pa nkhanizi. Kuyambira m'chaka cha 1993 mtsikana amene adasiya sukulu chifukwa cha pathupi amaloledwa kubwerera. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja lidadza m'chaka cha 2006. La 2011 lidaletsa kulanda chuma cha masiye. La 2013 lidati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa anthu 100 alionse. La 2015 lidaika zaka 18 kukhala msinkhu woyambira ukwati, ndipo m'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti agwirizane nalo. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silidziyendera lokha mpaka kumudzi. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza idathetsa maukwati a ana mazanamazana chifukwa idayenda, idakambirana ndi makolo, ndipo idalimbana ndi mafumu ake aang'ono. Pafunika anthu ambiri odziŵa lamulo ndi mudzi womwe, kuti mai wamasiye adziŵe kumene angakadandaule katundu wake asanakwezedwe pa ngolo.

Za ntchito ndinena mosabisa, monga ndidanenera kwa alamu anga. Digiri iyi siili ngati ya unamwino, imene dzina la ntchito lili pa chikalata pomwe. Omaliza maphunziroŵa amagwira ntchito m'maofesi a boma oona za chisamaliro cha anthu ndi chitukuko cha m'midzi, m'mabungwe omwe si aboma, m'zofufuzafufuza, m'nyumba zoulutsa mau, ndipo ena amapitiriza maphunziro. Koma ofuna ntchito ngambiri, ndipo ena amadikira nthaŵi yaitali, monga amachitiranso anzawo a madigiri ena. Amene amapeza mwai msanga ndi amene adalimbikira masamu a chiŵerengero, amene amalemba Chingerezi ndi Chicheŵa chomveka bwino, ndiponso amene pa tchuthi ankadzipereka kugwira ntchito pakati pa anthu. Mwana amene akufuna digiriyi poganiza kuti njapafupi, kapena poona magalimoto a mabungwe, ndi bwino asankhe ina.

Masabata aŵiri aja atatha tidakhala pansi pa khonde, alamu, alongo anga, mtsikana uja ndi ine. Ndidafotokoza zonse zimene mwamvazi. Kenaka ndidamufunsa mwanayo chimene iye akufuna kukafufuza. Adagwada nati, "Amalume, tidayamba Sitandade 1 atsikana ambiri m'mudzi muno, koma ndafika Folomu 4 ndekha. Ndifuna kudziŵa kumene anzanga adatsalira." Ine ndidaŵerama, pakuti limenelo ndilo funso limene sindidafunse pamene kaundula adali m'manja mwanga. Alamu adakhala chete nthaŵi yaitali. Pomaliza adati agulitsa ng'ombe imodzi, ndipo zotsalazo ationa ife amalume, popeza mutu umodzi susenza denga. Ndidavomera.

Kwa inu makolo amene muli ndi funso longa la alamu anga, ndikuti muitaneni mwana wanu, mumufunse chimene akufuna kukadziŵa ndi amene akufuna kukaŵathandiza. Akayankha zomveka, mulekeni apite, ndipo akabwera pa tchuthi muzimufunsa zimene waphunzira. Kwa inu aphunzitsi anzanga, maŵa mukatsegula kaundula, yang'anani maina amene mudalembapo mzere chaka chino, musankhe limodzi, ndipo mukaŵeruka mukafike kwawo kwa mwanayo.